Tikonzekere Bwanji Kukayezetsa Thupi Lonse Tisanadwale?

Ambiri mwa ife timadziwa njira ya kuchipatala pokhapokha thupi likatentha kapena tikalephera kudzuka pamphasa. Koma alipo matenda amene amakhala mwa munthu zaka zambiri iye akulima, akuyenda ndi kuseka ngati wina aliyense. Kuthamanga kwa magazi, matenda a shuga, matenda a impso ndi khansa ya khomo la chiberekero amayamba mwakachetechete. Akuluakulu adanena kuti chakudza sichiimba ng'oma, ndipo maliro ambiri odzidzimutsa amene timasonkhanira m'miphakati yathu amachokera ku matenda otere.

Kafukufuku wa STEPS amene Unduna wa Zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la World Health Organization m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi Mmalawi mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ochuluka kwambiri mwa iwo sankadziwa. Kafukufuku yemweyo adapeza matenda a shuga mwa anthu oposa 5 pa 100 alionse. N'chifukwa chake tikufuna kufotokoza m'mene munthu angakonzekerere kukayezetsa thupi lonse asanamve kupweteka kulikonse, kuti ulendo wake ndi ndalama zake zisapite pachabe.

Tikayezetse kuti?

Kuyezetsa kofunika kwambiri sikulira makina odabwitsa ayi. Kuyeza kuthamanga kwa magazi, sikelo, HIV, chifuwa chachikulu ndi khomo la chiberekero kumachitika m'zipatala zambiri zazing'ono. Kuyeza shuga, impso, chiwindi ndi mafuta a m'magazi kumafuna chipatala chokhala ndi labotale, monga zipatala za boma za m'maboma, zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba ndi Mzuzu, komanso zipatala za mishoni monga St Gabriel ku Namitete, Likuni, Mua, Mlambe, St Joseph ku Nguludi, Holy Family ku Phalombe ndi St John's ku Mzuzu. Zipatala za mishonizi zili pansi pa bungwe la CHAM ndipo zimalipiritsa, choncho ndi nzeru kufunsiratu mitengo ndiponso masiku amene kuyeza kumene tikufunako kumachitika. Amene ali pa inshulansi ya zaumoyo ayambe afunsa ngati inshulansi yawo imalipirira munthu amene sakudwala.

Tichenjere ndi anthu oyendayenda m'misika ndi m'maholo amene amati kamakina kawo, munthu akangokagwira m'dzanja, kamaona matenda onse a m'thupi, kenaka n'kumugulitsa mankhwala okwera mtengo. Palibe chipangizo chimodzi choyeza matenda onse. Madokotala enieni amalembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo tili ndi ufulu wofunsa.

Sabata imodzi tsikulo lisanafike

Chida chachikulu cha dokotala ndi zimene ife timamuuza. Tisanapite, tikhale pansi ndi kulemba papepala zinthu izi: matenda amene tidadwalapo, maopaleshoni amene tidachitidwapo, mankhwala amene adatiyabwitsapo kapena kutitupitsa, ndi chilichonse chachilendo chimene taona m'thupi, monga kuonda popanda chifukwa, ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku, magazi m'mkodzo kapena m'chimbudzi, chotupa m'bere, kutsokomola koposa masabata awiri, kapena kuvutika kumeza nsima. Chizindikiro chomalizachi tisachipeputse, chifukwa khansa ya kummero ndi yofala m'dziko muno kuposa m'mayiko ambiri.

Tifunsenso akuluakulu a kwathu za matenda a m'banja. Ngati bambo, mayi kapena m'bale wathu wa bere limodzi adadwala shuga, adafa ziwalo mbali imodzi, adachita khungu kapena adamwalira ndi khansa, dokotala ayenera kudziwa, chifukwa izi zimasintha zimene ayeze ndi msinkhu woyambira kuyeza.

Tisonkhanitse bukhu lathu la kuchipatala, ngakhale lakale lodzaza, pamodzi ndi zotsatira zakale ndi mankhwala onse amene tikumwa, m'mapaketi mwake momwe. Tisabise mankhwala azitsamba, a mphamvu za abambo kapena opha ululu amene timagula pagolosale. Mankhwala monga ibuprofen ndi diclofenac, akamwedwa nthawi yaitali, amavulaza impso ndi kukweza magazi, ndipo zitsamba zina zimasokoneza chiwindi. Za mowa ndi fodya tinenenso zoona. Dokotala sali pampando woweruza. Akufuna kudziwa pamene ayang'ane.

Za kusala chakudya

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Kuyeza shuga wa m'mawa kumafuna kuti munthu akhale maola osachepera 8 osadya kanthu, ndipo poyeza mafuta a m'magazi dokotala angapemphe maola 9 mpaka 12. Njira yosavuta ndiyo kudya chakudya chamadzulo monga mwa masiku onse cha m'ma 7 koloko, n'kukayezetsa m'mawa mwake. Kusala kumeneku n'kosiyana ndi kwa nyengo ya Lenti kumene kumalola kulawa pang'ono. Pano tiyi, thobwa, phala, zakumwa zotsekemera, ngakhale nthochi imodzi, zimasokoneza zotsatira. Madzi okha ndi amene amaloledwa, ndipo ndi bwino kuwamwa mokwanira chifukwa amathandiza kuti mtsempha upezeke msanga potenga magazi. Tisamwe mowa tsiku loti mawa tikayezetsa, ndiponso tisagwire ntchito yolemetsa kwambiri.

Komabe tisadzinamize posala nsima ndi mchere sabata yonse n'cholinga choti manambala akaoneke abwino. Tikufuna chithunzi chenicheni cha moyo wathu wa tsiku ndi tsiku.

Amene akumwa kale mankhwala a shuga kapena kubaya jakisoni wa insulin asasale chakudya asanafunse kuchipatala, popeza shuga akhoza kutsika kwambiri mpaka munthu kukomoka panjira. Mankhwala a kuthamanga kwa magazi, a khunyu ndi ma ARV timwe pa nthawi yake ndi madzi, pokhapokha dokotala atanena zina. Tinyamulenso kachakudya koti tidye akangomaliza kutenga magazi, makamaka amene tikuchokera kutali.

Kulinso kuyeza kwina kwa shuga kotchedwa HbA1c kumene sikulira kusala, ndipo kumaonetsa m'mene shuga wakhalira m'miyezi iwiri kapena itatu yapitayo. Koma kwa munthu wochepa magazi kapena wa matenda a sickle cell, zotsatira zake sizidalirika kwenikweni.

Tsiku loyezetsa

Tivale zovala zosathina, za mikono yosavuta kupinda. Poyeza kuthamanga kwa magazi, munthu amene wangotsika panjinga kapena wayenda mtunda wautali ayenera kupuma kaye. Tiyambe tataya madzi, tikhale pampando mphindi zosachepera 5, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi, ndipo tisayankhule pamene akuyeza. Kwa mphindi 30 zisanafike nthawi yoyezayo tisasute fodya kapena kumwa khofi. Manambala akafika 140/90 kapena kupitirira, kawirikawiri amatiuza kuti tibwerenso tsiku lina, chifukwa mantha okha amatha kukweza magazi, ndipo kuyeza kamodzi sikukwanira kugamula kuti munthu ali ndi matendawa.

Popereka mkodzo, tisambe m'manja, titaye mkodzo woyambirira, n'kutunga wapakati m'kabotolo ka kuchipatala. Amene timakhala m'mbali mwa nyanja ya Malawi, ya Chilwa, m'chigwa cha Shire kapena m'minda ya mpunga tipemphe kuyezedwa likodzo. Mazira a likodzo amapezeka kwambiri m'mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 2 koloko masana, makamaka m'madontho otsiriza. Ngati atipempha makhololo oyezera chifuwa chachikulu, titsuke m'kamwa ndi madzi, tipume mozama, ndipo titsokomolere panja pamene pakupita mphepo. Malovu okha sathandiza. Kujambula m'mimba ndi makina a sikani nthawi zina kumafuna kuti m'mimba mukhale mopanda chakudya, pamene kujambula chiberekero kapena chikhodzodzo kumafuna kuti chikhodzodzo chikhale chodzaza. Safunsa adadya phula: tifunsiretu.

Kwa amayi

Dziko la Malawi ndi limodzi mwa mayiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri pa dziko lonse lapansi, chonsecho ikapezeka isanakhwime imachizika. M'zipatala zambiri namwino amapaka viniga wa kuchipatala pa khomo la chiberekero n'kuyang'ana, ndipo zotsatira zimadziwika tsiku lomwelo. M'zipatala zina amayeza kachirombo ka HPV kamene kamayambitsa khansayi. Amayi a zaka 25 mpaka 49 ndi amene amalimbikitsidwa kwambiri, ndipo amayi amene ali ndi HIV ayenera kuyezedwa pafupipafupi chifukwa chiopsezo chawo n'chachikulu pafupifupi kasanu ndi kamodzi. Ndi bwino kusankha tsiku limene mayi sali kumwezi, popeza magazi amasokoneza kuyezaku ndiponso kuyeza mkodzo, komanso kupewa kutsuka m'kati kapena kuikamo mankhwala kwa masiku awiri. Apemphenso kupimidwa mawere. Mayi amene akuganiza kuti ali ndi pakati anene asanajambulidwe ndi X-ray. Tikumbutsenso makolo kuti kuyambira m'chaka cha 2019 boma lidayamba kupereka katemera wa HPV kwa atsikana m'dziko lonse.

Kwa abambo

Abambo ndife amene timazemba chipatala kwambiri. Kuyambira zaka 45 kapena 50, makamaka ngati mkodzo ukutuluka mofooka kapena ngati m'banja mudakhalapo khansa ya prostate, tikambirane ndi dokotala za kuyeza magazi kotchedwa PSA. Kwa masiku awiri tisanayezetse, tipewe kukhala malo amodzi ndi akazi athu ndiponso kupalasa njinga mtunda wautali, chifukwa izi zikhoza kukweza nambala popanda matenda. Nambala yokwera payokha siitanthauza khansa.

Tonse amene tapitirira zaka 40 tiyezetsenso maso. Nthenda ya glaucoma imaononga maso pang'onopang'ono popanda ululu, ndipo maso amene aonongeka kale sabwereranso.

Kulandira zotsatira

Ntchito siithera potenga magazi. Mapepala ambiri amakhala m'zipatala eni ake osabwera kudzawatenga chifukwa cha mantha. Tifunse tsiku lobwerera, ndipo tikalandira zotsatira tipemphe kuti atifotokozere m'chilankhulo chimene timamva ndi kuzilemba m'bukhu lathu. Shuga wa m'mawa akafika 7.0 mmol/L, kapena 126 pa makina owerenga mu mg/dL, ndiye kuti matenda a shuga akukayikiridwa, ndipo amayezanso kuti atsimikize. Manambala apakati pa 6.1 ndi 6.9 ndi chenjezo lakuti tisinthe kadyedwe nthawi ikadalipo. Tifunse mafunso atatu awa: Kodi nambala iyi ikutanthauza chiyani? Ndichite chiyani tsopano? Ndibwerenso liti?

Zotsatira zabwino zisatipusitse kuti tidzakhala athanzi mpaka kale. Munthu wazaka zoposa 40 ayezetse kuthamanga kwa magazi kamodzi pachaka, ndipo chizindikiro chachilendo chikaoneka asadikire tsiku lake. Zotsatira zoipanso si chilango cha imfa. Anthu ambiri amakhala zaka zochuluka ndi matenda a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena HIV akamamwa mankhwala mokhulupirika, kuchepetsa mchere kuti usapitirire magalamu 5 patsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, ndi kusiya fodya.

Mawu kwa akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2288, amatiphunzitsa kuti moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu adatisungitsa ndipo tiyenera kuzisamala mwanzeru. Kupemphera ndi kuyezetsa sizitsutsana. Inu amene mumayendera mabanja mumadziwa agogo amene sangayende okha, amasiye amene alibe ya basi, ndi abambo amene amachita manyazi. Mphakati ukhoza kusankha tsiku lopitira limodzi kuchipatala, kusonkherana ya ulendo, kapena kupempha Bambo Mfumu ndi komiti ya zaumoyo ya parishi kuti aitane anamwino adzayeze anthu pambuyo pa Misa. Tsiku la Odwala la pa 11 February, limene Papa Yohane Paulo Wachiwiri adakhazikitsa m'chaka cha 1992, ndi mwayi wabwino wochitira zimenezi.

Chinthu chimodzi tichisunge: zotsatira za munthu ndi chinsinsi chake. Amene waperekeza mnzake adikire panja pokhapokha mwini wake atamuitana, ndipo zimene wamva asazitengere kumsonkhano wa mphakati, ngakhale m'dzina la kupempherera wodwala. Anthu akadziwa kuti pakati pathu chinsinsi chimasungika, adzapita kukayezetsa mosaopa, ndipo ambiri adzapeza thandizo nthawi isanathe.