Mvula Ikagwa, Zinyalala Zathu Zimapita Kuti?

Mvula ikagwa pamalo a mitengo ndi udzu, madzi ambiri amalowa m'nthaka pang'onopang'ono. Koma ku Ndirande mitengo inatha m'phiri, ndipo m'munsi mwake muli malata, simenti ndi njira zouma gwa. Madzi amasowa polowera, choncho amathamanga pamwamba n'kumakokolola dothi, majumbo, oyilo wa m'magalaja, zinyalala za kumsika ndi zonyansa za m'zimbudzi zosefukira.

Zambiri mwa izi zimadzera m'ngalande kukalowa mumtsinje wa Nasolo, womwe umathira mu Mudi. Dothi lochokera kuphiri limakwiriranso damu la Mudi, komwe Blantyre Water Board imatenga ena mwa madzi a m'mipopi yathu. Kumunsi kwa mtsinje, anthu amachapira ndi kuthirira ndiwo zamasamba madzi omwewo. Kolera imafala mosavuta m'madzi otere, ndipo tonse tikukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa.

Kuteteza mtsinje kumayambira pakhomo. Tisataye zinyalala m'ngalande, tibzale mitengo ndi udzu wa vetiva pamalo otsetsereka, ndipo zimbudzi tizikumba kutali ndi mtsinje.