Sevisi ya pampu yothirira: musadikire kuti injini ikane kulira

Mvula ikangokata, alimi ambiri a ku Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma mumatsikira kudimba. Ena mwa inu munasiya thiredo pampu n'kugula pampu ya injini yoyendera petulo. Koma ambiri mumakumbukira makaniko tsiku limene injini yakana kulira, tomato atayamba maluwa. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, masiku ochepa osathirira ndi okwanira kuti maluwawo ayoyoke, ndalama ya mbewu ndi feteleza n'kulowa m'madzi.

Werengani maola

Injini imakalamba ndi maola amene yagwira ntchito. Khalani ndi kope lolembamo maola a tsiku lililonse. Mapampu ambiri a paipi ya mainchesi awiri kapena atatu ali ndi injini ya Honda GX160 kapena zofanana nayo zochokera ku China. Pa injini zimenezi, oyilo woyamba amasinthidwa pakatha maola 20, kenako pa maola 100 aliwonse. Fyuluta ya mpweya imatsukidwa pa maola 50, ndipo kawirikawiri kuposa apo ngati kuli fumbi. Pulagi imayang'anidwa pa maola 100, n'kusinthidwa pa maola 300 kapena chaka chikatha.

Zimene mungachite nokha

Musanalize injini, iikeni pamalo osapendekeka ndipo onani ngati oyilo wafika pakamwa pothirira. Imalowa malita 0.6 okha, ndipo opanga amalimbikitsa wa SAE 10W-30. Khuthulani wakale injini ikadali yofunda, koma musamutaye mumtsinje kapena pafupi ndi chitsime.

Oyilo musamusakanize ndi petulo. Asodzi ambiri a ku Salima ndi Nkhotakota amasakaniza chifukwa injini zawo za maboti n'za mtundu wa 2-stroke. Yanuyo, ngati ili ndi pothirira oyilo pakepake, ndi 4-stroke. Mukasakaniza imafuka utsi ndipo pulagi imada msanga.

Dzazani madzi m'mimba mwa pampu nthawi zonse musanailize. Ikazungulira youma, siilo yotchinga madzi imapsa m'mphindi zochepa. Kumapeto kwa paipi yokokera madzi kukhale sefa, ndipo isagone pamatope. Ilowetseni m'dengu kapena m'ndowa yoboolaboola, chifukwa mchenga umadya chipalasiro cha m'kati. Pampu ikhale pafupi ndi madzi: pamakhala posavuta kukankha madzi kusiyana ndi kuwakoka, ndipo kuya kukapitirira mamita 7 kapena 8 sikokanso.

Zopita nazo kwa makaniko

Kamodzi pachaka, kapena pa maola 300, pampu ikaonedwe ndi makaniko. Sevisi yokwanira ndi iyi: kusintha oyilo ndi pulagi, kutsuka kabyuleta ndi thanki, kutchera mavalavu, kuona chingwe cholizira, siilo ndi chipalasiro. Mpata wa pulagi ndi mamilimita 0.7 mpaka 0.8. Wa mavalavu amauyeza injini itazizira. Makaniko wodziwa ntchito amayeza ndi chida, sangoyerekeza ndi maso.

Asanamasule kanthu, gwirizanani mtengo. Akuuzeni padera wa zipangizo, padera wa ntchito ya manja ake. Akapeza vuto lina m'kati, ayambe wakufunsani. Zipangizo zakale akubwezereni, ndipo pampu ayiyese ndi madzi inu mukuona. Musaope kufunsa: mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Nanga ndalama zake?

Mitengo ya zipangizo siikhazikika popeza zambiri zimachokera kunja, ndipo inakwera kwambiri kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Choncho tiyeni tiwerenge ndi katundu, inu muikepo mitengo ya pamsika wanu.

Tiyerekeze kuti mumathirira maola atatu patsiku, masiku anayi pasabata, kuyambira Meyi mpaka Okutobala. Amenewo ndi maola pafupifupi 300. Injini yotere ikamakoka ndi mphamvu zonse imamwa petulo pafupifupi malita 1.4 pa ola, kutanthauza malita oposa 400 pa nyengo yonse. Pomwe sevisi ya nyengo yomweyo ikufuna oyilo wosakwana malita awiri, pulagi imodzi, mwina fyuluta imodzi, ndi ulendo umodzi wa kwa makaniko. Mlimi amene akukwanitsa petulo sangalephere oyilo. Koma oyilo akatha kapena akada kwambiri, pisitoni ndi mabelingi zimaonongeka, ndipo kukonza kwake nthawi zina kumayandikira mtengo wa injini yatsopano.

Ngati pampu ndi ya kalabu, aliyense akaigwiritsa ntchito azisiya kangachepe pa ola lililonse m'thumba la sevisi, ndipo pakhale munthu mmodzi wosunga kope. Pampu ya aliyense ndi imene imasowa woisamala.

Posunga m'dzinja

Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo petulo akakhalitsa amasiya phula lotseka timabowo ta kabyuleta. N'chifukwa chake mapampu ambiri amakana kulira mu Meyi. Mvula ikayamba, khuthulani petulo yense m'thanki ndi m'kabyuleta, tulutsani madzi m'mimba mwa pampu, thirani oyilo watsopano, kenako isungeni pouma. Musamailizire m'nyumba, utsi wake umapha.

Sevisi ichitike mu Epulo, mbewu zisanachoke panazale, pamene kudikira chipangizo sabata imodzi sikungaumitse dimba. Ngati kabuku ka pampu yanu kali m'Chingerezi, pitani nako kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu mukawerengere limodzi.