KODI CIKHO CA PA MPIKISANO CIONETSA GALU WA NCHITO?

Ku mapiri a dziko la Britain kuli alimi amene cuma cao conse ndi nkhosa. Nkhosazo zidya momwazikana pa mapiri akuru-akuru, kotero kuti munthu mmodzi sangathe kuzisonkhanitsa ndi miyendo yace, ngakhale atayenda tsiku lonse. Nchito imeneyi aigwira ndi agalu. Mbusa aima m'tsinde mwa phiri naimba mluzu, ndipo galu athamanga kukazinga nkhosa ndi kuzitsitsira kwa mbuye wace. Mlimi wa kumeneko akagula galu wacabe ataya ndalama zace, ndiponso nkhosa zace zina zitsala kuthengo ndi kufa pa nyengo ya cisanu. Cifukwa cace asamala posankha galu monga momwe mlimi wa ng'ombe asamalira posankha nkhunzi.

Njira imodzi imene alimiwo adziwira galu wabwino ndiyo mipikisano. Galu wopambana alandira cikho ndi dzina la ulemu lakuti ngwazi, ndipo ana ace agulidwa pa mtengo wokwera. Koma eni agalu akhala alikutsutsana zaka zambiri. Ena ati mipikisano ndiyo yasunga mtundu wa agalu a nchito, pamene ena ati cikho ndi masewera cabe. Mbali zonse ziwiri ziri ndi mau oyenera kuwamva.

CIYAMBI CA MIPIKISANO

Mpikisano woyamba wochuka wa ku Britain unacitikira ku Bala, m'dziko la Wales, m'mwezi wa October 1873. Anaukonza ndi mwini malo wina dzina lace R. J. Lloyd Price, ndipo anapambana ndi mbusa wobadwira ku Scotland ndi galu wace Tweed. M'caka ca 1906 abusa anayambitsa bungwe lochedwa International Sheep Dog Society, limene liyang'anira mipikisano yaikuru ndi kusunga buku la maina a agalu ndi makolo ao.

Agalu amenewa achedwa Border Collie, pakuti kwao ndi ku malire a England ndi Scotland. Kholo lao lodziwika ndi galu wochedwa Old Hemp, wobadwa m'caka ca 1893 kwa Adam Telfer wa ku Northumberland. Galu ameneyu sanali kuuwa pogwira nchito. Anali kuyenda mozyolika, maso ali pa nkhosa, ndipo nkhosa zinali kumvera maso acewo. Bungwe la abusa silisamala za maanga a galu kapena maimidwe a makutu ace. Ngakhale galu wopanda makalata a makolo ace angathe kulembedwa m'buku, akaonetsa pamaso pa oyesa kuti adziwa nchito.

ZIMENE GALU AYESEDWA NAZO

Pa mpikisano wa dziko lonse nkhosa 5 ziikidwa pa mtunda wa mayadi 400, ndipo galu apatsidwa mphindi 15. Mbusa aima pa mzati, natuma galu. Galuyo ayenera kuthamanga mozungulira patali kuti asadzidzimutse nkhosa, nakafika kumbuyo kwace. Azinyamule mofatsa ndi kubwera nazo molunjika, kupyola pa cipata, kufikira kwa mbuye wace. Atatero azipitikitse kucoka kwa mbusa, cimene ciri cobvuta kwa galu amene mtima wace ufuna kubweza nkhosa kwa mwini wace, nazipyoletse pa zipata zina ziwiri. Zikafika pa bwalo lozungulira, galu ndi mbusa apatula nkhosa 2, kenaka alowetsa zonse m'kakhola, ndipo potsiriza apatula imodzi yokha. Oweruza acotsa malikisi pa colakwa ciri conse pa malikisi 110. Galu woluma nkhosa popanda cifukwa acotsedwa pa mpikisano.

Pa tsiku lotsiriza la mpikisano waukuru koposa, umene ngwazi za England, Scotland, Wales ndi Ireland zikomana, nchito ikula. Nkhosa ziri 20, m'magulu awiri otalikirana, pa mtunda wa mayadi pafupi-fupi 800. Galu atenga gulu loyamba, nalisiya panjira pomva mluzu, nabwerera kukafuna laciwiri. Pambuyo pace apatula nkhosa 15 ndi kulowetsa m'khola 5 zobvala lamba wofiira m'khosi, zonsezi m'mphindi 30.

Mayeso otere sangachedwe masewera cabe, pakuti ciri conse ca izi mbusa acicita kwao. Galu wamantha, waulesi, wankhanza kapena wosamva aonekera poyera, anthu ambiri alikupenya, ndipo mwini wace sangathe kumbisa ndi mau okoma. Apa mipikisano ya nchito isiyana ndi zionetsero za maonekedwe, kumene galu angoyendetsedwa pa bwalo ndipo oweruza ayang'ana ubweya ndi mutu. Agalu ena a mtundu wa Collie amene anasankhidwa mibadwo yambiri cifukwa ca kukongola ali ndi ubweya wautali wokondweretsa maso, koma ambiri a iwo sadziwanso kuweta. Akuru anati cikome-kome ca nkhuyu, m'kati muli nyerere. Ndico cifukwa cace abusa ambiri a ku America anakana kwambiri m'caka ca 1995, pamene bungwe la American Kennel Club linalandira Border Collie kuti azilowa m'zionetsero zace.

ZIMENE CIKHO SICINENA

Komabe cikho sicinena zonse. Coyamba, pa bwalo la mpikisano nkhosa ziri zowerengeka ndipo nthawi iri yocepa. Pa phiri galu asonkhanitsa nkhosa mazana, m'mvula ndi m'matalala, kuyambira m'mamawa kufikira madzulo. Kawiri-kawiri atsikira kuseri kwa citunda kumene mbuye wace samuona, ndipo ayenera kuganiza yekha. Galu wozolowera kuuzidwa phazi liri lonse angapambane pa bwalo, koma kuseri kwa citunda angoima ndi kudikira mluzu. Nkhosa yaikazi yochinjiriza mwana wace ilimbana ndi galu koopsya, ndipo kulimba mtima kofunika pamenepo sikuoneka bwino pa nkhosa zozolowera agalu.

Caciwiri, wopambana si galu yekha, koma galu pamodzi ndi munthu. Mbusa waluso adziwa kubisa zofooka za galu wace, pamene galu wabwino m'manja mwa munthu wosadziwa angalephere. Zimene galu waphunzira kwa munthu sizilowa mwa ana ace. Ana atengera cibadwa cokha. Mwai naonso ulipo, pakuti nkhosa za m'mamawa sizicita monga za masana dzuwa litatentha.

Cacitatu ndi coopsya koposa. Galu akachuka, anthu onse afuna ana ace. Wiston Cap, wobadwa m'caka ca 1963, anapambana mpikisano waukuru m'caka ca 1965 ndi mbusa John Richardson. Anali galu wabwino ndithu, ndipo cithunzi cace ndico ciri pa cizindikiro ca bungwe la abusa. Koma anakwera agalu akazi ambiri-mbiri, kotero kuti lero nkobvuta kupeza Border Collie wa m'buku amene alibe mwazi wace. Mtundu wonse ukakhala pa cibale cotere, matenda obadwa nao amene anabisika mwa makolo ayamba kuonekera mwa zidzukulu. Mtundu uwu uli ndi matenda a maso otengera ku makolo, ndipo tsopano oweta osamala ayesetsa maso ndi mwazi wa agalu ao asanawakweretse. Woweruza wa pa bwalo sangathe kuona zimenezi.

PHUNZIRO LA KU GERMANY

Ku Germany zinacitikanso zofanana. M'caka ca 1899 Max von Stephanitz, amene anali mkuru wa asilikali a pa akavalo, anayambitsa bungwe la agalu ochedwa German Shepherd. Ataona kuti nchito ya ubusa irikucepa, anapereka agaluwo ku nchito za polisi ndi za nkhondo. Bungwe lace linakhazika mayeso ochedwa Schutzhund, amene kuyambira 2019 achedwa IGP. Galu alondola fungo la mapazi a munthu, aonetsa kumvera, ndipo agwira munthu woyerekeza mbala namsiya pomwe wauzidwa. Lamulo la bungwelo linali lakuti galu ayambe wapambana mayeso awa, kapena a kuweta nkhosa, asanaloledwe kubala ana olembedwa m'buku.

Lamuloli linacotsa agalu ambiri amantha. Koma mayesowo acitika mwa dongosolo lomwe-lomwelo nthawi zonse, ndipo woyerekeza mbalayo abvala cochinga cokhuthala pa mkono. Galu wocenjera aloweza dongosololo, naona cochinga ca pa mkono ngati coseweretsa. Ngakhale panali lamulo lotere, mtunduwu unagawikabe pawiri: agalu a zionetsero a msana wotsetsereka, ndi agalu a nchito. Apolisi ndi asilikali pogula galu sakhulupirira cikalata cokha, koma amuyesa okha mu mdima, pa malo oterera ndi pa phokoso la mfuti. Ambiri a iwo atembenukira ku mtundu wina wa ku Belgium wochedwa Malinois.

MAU OTSIRIZA

Motero yankho liri lakuti mpikisano uthandiza mtundu wa agalu pokha-pokha ukafanana ndi nchito yeni-yeni, ndipo ukayamba kutalikirana nayo, agalu naonso atalikirana nayo. Cikho cicitira umboni kuti galu uyu, ndi munthu uyu, anacita bwino tsiku lakuti. Umboni wa mtundu uli mwa ana ace, akakula ndi kugwira nchito m'manja mwa anthu wamba. Abusa okalamba a ku mapiri posankha kagalu afunsa za cikho ca atate wace, koma apitanso kukaona amai ace alikugwira nchito kwao, nafunsa za ana amene anabadwa kale. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mlimi ali yense wosankha nkhunzi, tonde kapena galu wolonda munda acita bwino kutsata nzeru yomweyi, osathamangira coweta cifukwa ca mphotho ya pa cionetsero asanaone nchito ya makolo ace ndi ya ana ace.