Mwana Amene Tinamutumiza ku Lusaka Amadya Chiyani, Amagona Nthawi Yanji?

Ambiri mwa ife amene timalima ku Chongwe, ku Chibombo, ku Petauke kapena ku Katete tili ndi mwana mmodzi kapena awiri amene amakhala kwa achibale ku Lusaka chifukwa cha sukulu. Wina ali kwa amalume ake ku Kabwata, wina kwa azakhali ku Chelstone, ndipo wina anatengedwa ndi msuweni amene zinamuyendera, wokhala m'nyumba ya mpanda ku Woodlands kapena ku Kabulonga. Tikaimba foni, mafunso athu ndi omwe aja: mayeso ayenda bwanji, nsapato zikadali zabwino kodi, ndalama ya yunifolomu yafika? Si kawirikawiri kufunsa kuti mwanayo wadya chiyani m'mawa, wagona nthawi yanji, kapena madzulo ake amathera kuti. Komatu thanzi la mwana limamangidwa kapena kugumuka pa zinthu zazing'ono zimenezi, zobwerezedwa tsiku ndi tsiku mpaka chaka kutha.

Tiyambe ndi m'mawa. Mwana wa ku Chelstone amene amaphunzira m'tauni ayenera kukwera minibasi mu Great East Road magalimoto asanathinane, choncho amatuluka m'nyumba kusanache bwino. Pa mbaula palibe moto, phala silinaphikidwe, ndipo m'malo mwake amapatsidwa kandalama ka m'manja. Kandalamako kamathera pa kantemba ka pafupi ndi sukulu, pogula masiwiti, zitumbuwa, timapaketi ta zokhukhuluza zamchere zopaka utoto, ndi zakumwa zotsekemera. Kudya zimenezi kamodzi pa sabata si mlandu. Vuto ndi lakuti kwa ana ambiri ndizo chakudya cha m'mawa ndi cha masana, masiku asanu pa sabata.

Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera cha mamililita 330 chimakhala ndi shuga wokwana magalamu pafupifupi 35, omwe ndi masipuni aang'ono asanu ndi atatu kapena kuposa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti shuga wotere asafike gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya pa tsiku, ndipo linati ndi bwino kwambiri kumuchepetsa mpaka theka la zimenezo, omwe ndi masipuni aang'ono pafupifupi asanu ndi limodzi kwa munthu wamkulu. Ndiye kuti mwana amene wamwa chitini chimodzi wadutsa kale malire a atate ake belu loyamba lisanalire. Shuga amapereka mphamvu ya kanthawi kochepa, kenaka mwana amafooka nayamba kusinza m'kalasi, ndipo mano amabooka pang'onopang'ono. N'zoona kuti kuyambira mu 1998 shuga wogulitsidwa m'Zambia amathiridwa vitamini A, koma zimenezo sizisandutsa shuga kukhala ndiwo.

Pa nkhani ya nsima, ife alimi tiyenera kulankhula mosachita manyazi, chifukwa chimanga timachidziwa. Ufa woyera wa m'matumba, umene m'tauni amauona ngati wa anthu otukuka, ndi ufa wochotsedwa gaga ndi mtima wa njere, m'mene mumakhala mafuta, mavitamini ndi zothandiza kugaya chakudya m'mimba. Ufa wa rola umasungako zina mwa zimenezi, ndipo mgaiwa wa kuchigayo umasunga pafupifupi zonse. Mwana amene kumudzi ankadya nsima ya mgaiwa ndi chibwabwa chotendera nsinjiro, akafika mumzinda nayamba kudya nsima yoyera ndi kabichi wokazinga m'mafuta, watsika pa kadyedwe ngakhale iye mwini akuona ngati wakwera. Kalembula, bondwe, impwa, therere ndi nyemba zilipo ndithu pa misika ya Soweto ndi Kabwata, koma ana ambiri aphunzira kuziona ngati ndiwo za kumudzi.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira, ndiye kuti aafupi mosayenera msinkhu wawo chifukwa chosowa zakudya zoyenera kwa nthawi yaitali. Koma m'madera olemera a Lusaka vuto lina likuonekera. Mwana amakwera galimoto pakhomo, kutsikira pachipata cha sukulu, madzulo n'kubwerera m'kati mwa mpanda kukakhala pa wailesi yakanema, ndipo Loweruka amakadya nkhuku yokazinga ndi tchipisi kumashopu akuluakulu. Thupi limanenepa, achibale n'kumayamikira kuti mwana akusungidwa bwino, pamene matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi akumudikira kutsogolo. Kupinimbira ndi kunenepa kopitirira zili mumzinda umodzi, ndipo nthawi zina m'nyumba imodzi.

Atsikana amene atha msinkhu ali ndi vuto lawolawo, la kuchepa kwa magazi, popeza mwezi uliwonse thupi limataya ayironi. Chizolowezi cha tiyi ndi buledi m'mawa ndi madzulo chimawonjezera vutoli, chifukwa tiyi akamwedwa pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba. Pamene gwafa, lalanje, ndimu kapena tomato, zikadyedwa pamodzi ndi ndiwozo, zimathandiza thupi kumutenga. Mtsikana wosachedwa kutopa, womva chizungulire akaimirira, wotuwa m'zikhato ndi m'kati mwa zikope, asamatchedwe waulesi asanapimidwe magazi kuchipatala.

Za tulo sitizilankhula kwenikweni, mwina chifukwa kumudzi mdima wokha umagoneka anthu. Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika maola 9 mpaka 12 pa usiku, ndipo wa zaka 13 mpaka 18 amafunika maola 8 mpaka 10. Wachinyamata amene agona 11 koloko usiku ali pa Facebook kapena TikTok, nadzuka 5 koloko kuthamangira minibasi, wagona maola 6 okha. Kuwala kwa foni ndiponso zimene akuonerazo zimachedwetsa tulo ngakhale foniyo itazimitsidwa. Mwana wosagona mokwanira amaiwala zimene waphunzira, amapsa mtima msanga, ndiponso amalakalaka zotsekemera. Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ku Lusaka ankazima pafupifupi tsiku lonse, ndipo m'nyumba zambiri akabwera pakati pa usiku banja lonse linkadzuka kusita zovala, kutchaja mafoni ndi kuphika. Chilala chomwe chinapsereza chimanga chathu m'munda chinalandanso ana a mumzinda tulo.

Pali chinthu china chimene timachidziwa tonse koma timachizemba. Mwana wochokera kumudzi, makamaka wamkazi, nthawi zambiri ndiye amadzuka koyamba m'nyumba ya achibale kusesa, kutenthetsa madzi ndi kukonzekeretsa ana a eni nyumba, ndipo ndiye amagona komaliza atatsuka mbale. Kuthandiza ntchito za pakhomo ndi mwambo wabwino, ndipo palibe mlimi amene angafune mwana wosadziwa kugwira tsache. Koma ngati ntchitoyo ikudya nthawi ya tulo ndi ya mabuku, mwanayo sali pa sukulu, ali pa ganyu yosalipidwa. Zotsatira za mayeso zikabwera zoipa, timakalipira iyeyo.

WHO imalangizanso kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azilimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, mpaka kupuma mwamphamvu. Mwana wa pafamu amakwaniritsa zimenezi osadziwa n'komwe, poyenda kusukulu, kutunga madzi ndi kubweza mbuzi, ndipo ena amapyola muyeso chifukwa timawalemetsa ndi khasu. Mumzinda malo ambiri amene anyamata ankaseweramo mpira amangidwamo nyumba ndi mashopu. Komanso m'sukulu zambiri za boma ena amalowa m'mawa, ena masana, kotero mwana amakhala theka la tsiku popanda womuyang'anira. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali wa m'timabotolo, chamba ndi nyumba zobetcha pa mpira sizisowa m'makomboni ngakhale m'mayadi. Mnyamata amene ali mu timu ya mpira, mu kwaya kapena amene ali ndi kadimba kuseri kwa nyumba ali ndi kumene akuyembekezeredwa madzulo, ndipo zimenezo zimamuteteza kuposa ndodo.

Madzi nawo anatiphunzitsa mowawa. Kolera amene anayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 anakula mpaka bwalo la National Heroes Stadium linasandutsidwa chipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024 zinatsegulidwa pa 12 Febuluwale. M'masabata amenewo aliyense ankasamba m'manja ndi sopo ndi kuthira kolorini m'madzi akumwa. Mliri utatha, zidebe za pakhomo pa makalasi zinayamba kuuma. Pano ife tili ndi mbali yathu, pakuti repu, tomato ndi kabichi zimene ana amenewa amadya zimachokera m'madimba athu kudzera ku Soweto. Wotsuka masamba m'madzi a m'ngalande kuti aoneke atsopano, kapena wopopera mankhwala lero n'kuthyola mawa osadikira masiku olembedwa pa botolo, akudyetsa zimenezo mwana wa mnzake, mwinanso wake yemwe.

Mu 2021 Unduna wa Zaulimi unatulutsa malangizo a kadyedwe m'Zambia, ogawa zakudya m'magulu asanu ndi limodzi: za ufa ndi mizu yokhutitsa, masamba, zipatso, nyemba ndi mtedza, mkaka, ndiponso nsomba, nyama, mazira ndi tizilombo todyedwa. Mukawaonetsetsa magulu amenewa, ambiri ali pakhomo pa mlimi wosakaniza mbewu ndi ziweto. Choncho potumiza katundu ku Lusaka, thumba lisakhale la chimanga chokha. Muikemo mtedza, nyemba, khobwe, mfutso wa masamba oumitsidwa pamthunzi kuti asataye mavitamini, ndi mbatata yofiira m'kati. Amene mwabzala chimanga cha olenji, chimene mbewu zake zinatulutsidwa m'dziko muno mu 2012 ndipo chili ndi vitamini A, gayitsani pang'ono kuti likhale phala la m'mawa. Mbatata yophika usiku ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja zimalowa m'chikwama cha sukulu, sizifuna moto m'mawa, ndipo zimasunga mimba mpaka masana.

Chovuta ndi kafunsidwe, chifukwa wosunga mwana wanu wakuchitirani chifundo ndipo funso losaganizira lingamveke ngati kumuimba mlandu. Ndi bwino kupita nokha kamodzi pa teremu, kugona usiku umodzi, ndi kuona ndi maso anu nthawi imene nyali zimazimitsidwa ndi amene amadzuka koyamba. Polankhula, mungayambire pa zimene mwabweretsa: "Alamu, mtedza uwu ndi wa ana onse m'nyumba muno, azitenga popita kusukulu. Kodi uyu wathu akumapeza nthawi yowerenga ndi yogona?" Mwanayo mumufunse padera, poyenda naye kukakwera basi, osati pamaso pa omusunga.

Akabwera pa tchuthi cha Epulo, Ogasiti kapena Disembala, muyang'aneni mano ndi m'zikope, muone ngati akumaliza mbale ya ndiwo zamasamba, ndiponso ngati masiku oyamba akugona mpaka dzuwa kukwera ngati munthu wobweza ngongole. Mukaona chokayikitsa, pitani naye kuchipatala sukulu isanatsegulidwe.