Kufunafuna Makolo m'Mabuku a Ndende ku Ireland

Pa 30 June 1922, pamene nkhondo yapaciweniweni inali itangobuka ku Ireland, nyumba yosungiramo zolembedwa za boma ku Four Courts, mumzinda wa Dublin, inaphulika ndi kupsa. Zikalata za zaka mazana ambiri zinasanduka phulusa. Pakati pa zimenezo panali mabuku a kalembera wa anthu wa mu 1821, 1831, 1841 ndi 1851. Mabuku a kalembera wa mu 1861 kufikira 1891 anali atawonongedwa kale ndi boma lenilenilo. Motero kalembera wakale koposa wa dziko lonselo amene anatsala wathunthu ndi wa mu 1901.

Tsoka limeneli likumvekabe m'mabanja ambiri ku America, Britain ndi Australia. Pa njala yaikulu ya mu 1845 mpaka 1852, pamene matenda anaononga mbatatesi m'minda, anthu pafupifupi miliyoni imodzi anafa, ndipo enanso oposa miliyoni imodzi anawoloka nyanja. Zidzukulu zawo lero zikufunsa kuti: kodi tinacokera mudzi uti, nanga amene anatibala anali ndani?

Boma linayamba kulemba kubadwa ndi kufa kwa munthu aliyense mu 1864. Wofuna kubwerera m'mbuyo kuposa pamenepo amathamangira ku mabuku a ubatizo ndi a ukwati a m'maparishi, amene National Library of Ireland inawaika pa intaneti mu 2015. Koma nawonso ali ndi polekezera. Malamulo opondereza Akatolika anacititsa kuti ansembe agwire nchito movutika kwa zaka zambiri, ndipo maparishi ambiri akumidzi anayamba kusunga mabuku mocedwa, ena pambuyo pa 1820. Tisaiwalenso kuti mmphawi analibe munda wakewake, ndiponso analibe cuma coti alembere kalata ya masiye. Kawirikawiri dzina lace linalowa m'buku la boma tsiku limene anagwidwa ndi wapolisi.

N'cifukwa cace ofufuza amatsegula mabuku a ndende. Amene anatsala, a pakati pa 1790 ndi 1924, ali ndi maina oposa mamiliyoni 3. Ndende ya Kilmainham ku Dublin, imene inatsegulidwa mu 1796 ndi kutsekedwa mu 1924, ndi imodzi mwa zimene mabuku ace alipo. Kalaliki wa ndende ankalemba dzina la mkaidi, zaka zace, kumene anabadwira, cipembedzo cace, msinkhu wace, maonekedwe a tsitsi ndi maso, zipsera za pathupi, mlandu wace ndi cilango cace. M'mabuku a zaka zapambuyo ankalembanso dzina la mbale wace wapafupi. Colinga cinali cakuti mkaidi akathawa azindikirike msanga. Lero banja limene liribe cithunzi ca gogo wawo limadziwa kucokera m'mizere yomweyo kuti anali wamfupi, wa maso otuwa, ndi cipsera pacipumi.

Milandu yambiri inali yaing'ono: kuledzera, ndewu, kuba nkhuku kapena cofunda. Mu 1847, njala ili pakati, nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo loti kupemphapempha ndi mlandu. Ndende zinadzaza ndi amayi ndi ana omwe. Panali ena amene anapalamula dala, podziwa kuti m'ndende muli cakudya.

Olakwa milandu yokulirapo ankatumizidwa ku Australia, ambiri kwa zaka 7. Sitima yoyamba yocokera ku Ireland, yochedwa Queen, inanyamuka ku Cork mu 1791, ndipo cilango cimeneci cinapitirira mpaka 1853. Mabuku a otumizidwa cisanafike caka ca 1836 anapsa mu 1922, koma makalata opempha cifundo anapulumuka. Mkazi kapena kholo la mkaidi ankalembera nduna yoimira mfumu ya ku Britain, kuchula ciwerengero ca ana otsala ndi njala, mudzi wawo, ndi anthu odziwika amene angamcitire umboni. Mu 1988 boma la Ireland linapatsa dziko la Australia makope a zolembedwa zimenezi monga mphatso.

Manyuzipepa amawonjezera zimene kalaliki anasiya. Belfast News Letter inayamba mu 1737, ndipo Freeman's Journal inatuluka kuyambira 1763 mpaka 1924. Atolankhani ankakhala m'makhoti n'kulemba zimene mboni zinanena, nthawi zina ngakhale mau a woimbidwa mlandu mwini. Kutsidya la nyanja, nyuzipepa ya Akatolika ya ku Boston, yochedwa The Pilot, inasindikiza zilengezo zoposa 40,000 za anthu ofunafuna abale awo osowa pakati pa 1831 ndi 1921. Mayi wofuna mwana wace ankachula parishi ya kwawo, caka cimene mwanayo anakwera sitima, ndi malo amene anamveka komalizira.

Komabe pafunika kusamala, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Maina onga Murphy, Kelly ndi Sullivan ndi ofala kwambiri, kotero kuti dzina lokha si umboni. Anthu ambiri sankadziwa bwino zaka zawo, ndipo kalaliki ankalemba dzina monga analimvera, nthawi zina kusiya O kapena Mac wa kumayambiriro. Wofufuza wanzeru amayamba ndi kufunsa acikulire a m'banja, kenaka amayerekeza buku la ndende ndi la ubatizo kufikira mudzi, caka ndi dzina la kholo zitagwirizana. Akumbukirenso kuti buku la ndende ndi mau a mbali imodzi, mbali ya amene anamanga.

Nanga tikapeza kuti kholo linali mkaidi, tibise? Ku Australia mabanja ambiri anabisa zimenezi kwa mibadwo ingapo cifukwa ca manyazi, koma zidzukulu zawo tsopano zimazinena poyera. Ife tikuona kuti acita bwino. Sitinganene kuti onse anali osalakwa, pakuti m'mabukumo mulinso akupha ndi acifwamba. Koma munthu amene anaba nkhosa mu 1847 kuti ana ace asafe ayenera kuweruzidwa pamodzi ndi njala imene inamzinga. Woipa kapena wabwino, iye ndi kholo la banjalo, ndipo ana ayenera kuuzidwa dzina lace ndi mbiri yace yoona.