Mwana wabadwa: kodi za m'nyumba tiyambenso liti?

Amayi, m'sewero la pa wailesi lija munamva za mayi amene anapezeka ndi pakati pena mwana ali ndi miyezi inayi yokha. Apongozi anamunena kuti ndi wosadzisunga, pamene bambo wa mwanayo anangoti zii. Funso limene mayiyu anasowa womufunsa ndi lomwe ambiri a inu mumabwera nalo ku sikelo n'kubwereranso nalo kunyumba: kodi tiyambenso liti kukhala malo amodzi ndi bambo a kunyumba?

Mayi akachira, chiberekero chimatenga pafupifupi masabata 6 kuti chibwerere m'malo mwake. Pa nthawi imeneyi magazi ndi zoipa zimakhala zikutuluka, ndipo m'kati mumakhala chilonda chimene matenda angalowerepo mosavuta. Dikirani kufikira magazi ataleka ndi zilonda zitapola, makamaka ngati munasokedwa kapena munachira kudzera mu opareshoni. Pitani akakuoneni ku chipatala pa sabata la 6. Ngati mukumvabe kuwawa, nthawi siinakwane, ngakhale masabatawo atatha.

Makolo athu ankadikira miyezi yambiri kufikira tsiku lomutenga mwana, poopa mdulo kapena tsempho. Mwambowu unkathandiza mayi kupuma ndiponso ana ankabadwa motalikirana. Koma chimodzi tinene poyera: kugona ndi mwamuna sikuwononga mkaka wa m'mawere. Mwana amene watupa mapazi ndi kumaso, tsitsi lake n'kufiira, kawirikawiri ali ndi matenda osowa zakudya m'thupi. Muthamangitseni ku chipatala m'malo mofufuza kuti walakwa ndani.

Tsono apa ndi pamene mayi wa m'sewero uja anagwera m'mbuna. Iye ankati poti akuyamwitsa ndipo sanayambe kusamba, sangaime. Kuyamwitsa kumateteza ndithu, koma pokhapokha zinthu zitatu zili pamodzi: mwana sanakwane miyezi 6, akuyamwa bere lokha usana ndi usiku popanda phala kapena madzi, ndipo mayi sanayambenso kusamba. Chimodzi chikangosowa, chitetezo chatha. Dzira limakhwima msambo usanaoneke, choncho mukhoza kutenga pakati musanaone chizindikiro chilichonse. Mayi amene sakuyamwitsa angathe kutenga pakati mwezi umodzi wokha atachira.

Bungwe la WHO limalangiza kuti papite zaka 2 mwana atabadwa mayi asanatenge pakati pena. Njira zolera zoyenera mayi woyamwitsa zilipo: jekeseni ya miyezi 3, kachipangizo ka pamkono, lupu ndi kondomu. Mapiritsi ena amachepetsa mkaka, choncho musabwereke kwa mnzanu, funsani anamwino.

Amayi ambiri amadandaula mwakachetechete kuti chilakolako chinawathera, kapena kuti njira ndi youma ndipo akumva kuwawa. Simunalodzedwe ayi, ndipo sikuti chikondi chatha. Pamene mukuyamwitsa, michere ina ya m'thupi imene imanyowetsa njira imachepa. Onjezani apo kusagona usiku, kuchapa matewera, kumunda ndi kuchigayo. Ndani angakhale ndi mphamvu? Zoterezi zimadzabweranso mayi akamasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo naponso si chifukwa chothawira mwamuna ku mphasa mpaka kalekale. Musaikemo zitsamba kapena nsalu pofuna kuumitsa kapena kuchepetsa njira, chifukwa zimachekacheka m'kati ndi kutsegulira matenda khomo. Alipo mafuta ofewetsa opangidwa ndi madzi. Vaseline ndi mafuta ophikira amaboola kondomu.

Ine ndimaona kuti chovuta chachikulu si thupi ayi, koma kusalankhulana. Bambo amene sanauzidwe kanthu amaganiza kuti akukanidwa. Mayi naye amavomera akumva ululu poopa kuti mwamuna apita kwina. Sankhani nthawi yabwino, mwana atagona, muwauze kuti, "Bambo ake a mwana, thupi langa silinapole, tiyeni tipite limodzi tikamve kwa anamwino." Kukakamiza mkazi ndi nkhanza, ngakhale m'banja. Ndipo kukondana kuli ndi njira zambiri: kucheza, kugwirana, kuthandizana kulera khandalo.

Mantha akuti bambo ayenda kwina si opanda pake. Mayi akatenga kachirombo ka HIV pamene akuyamwitsa, mpata wopatsira mwana umakhala waukulu, chifukwa m'masabata oyambawo kachirombo kamachuluka kwambiri m'magazi ndi mu mkaka. Choncho ngakhale munayezetsa muli oyembekezera, kayezetseninso pamodzi ndi bambo. Kuyambira mu 2011, m'Malawi muno mayi woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachiromboka amayamba kumwa ma ARV nthawi yomweyo, ndipo amapitiriza kuyamwitsa.

Mukaona magazi mutakhala malo amodzi, chikazi chonunkha, kutentha thupi kapena kupweteka m'chinena, musadikire tsiku la sikelo. Bwerani tsiku lomwelo, ndipo ngati mukuchita manyazi pa mzere, pemphani kuti muonane ndi anamwino panokha.