Zoyenera kusamala poika milongoti ndi zipangizo za intaneti zopanda mawaya pa maofesi

Maofesi ambiri a boma, makamaka m'maboma, amalumikizidwa ku intaneti kudzera pa timawailesi ndi maeriyo omangiriridwa pa milongoti, pa nsanja kapena pa denga. Anthu akaona zipangizozi amaopa kwambiri mafunde a wailesi, koma ngozi zenizeni pa ntchitoyi zimachokera ku mawaya a magetsi, mphenzi ndi kugwa kuchokera pamwamba.

Mawaya a ESCOM ogawa magetsi m'matauni ndi m'midzi amanyamula mphamvu ya 11kV kapena 33kV, pamene olowa m'nyumba amanyamula 230V. Mlongoti wachitsulo ukakhudza waya wotere, aliyense amene waugwira akhoza kufera pomwepo, ndipo magetsi amphamvu amatha kulumpha chitsulo chikangoyandikira kwambiri ngakhale chisanakhudze. N'chifukwa chake opanga zipangizozi amalangiza kuti mtunda wochokera pa mlongoti kukafika pa mawaya ukhale wowirikiza kawiri kutalika kwa mlongotiwo pamodzi ndi eriyo yake. Mlongoti wa mamita 6 uyenera kutalikirana ndi mawaya ndi mamita 12. Ukayamba kupendekera ku mawaya poudzutsa, amisiri ausiye ugwe. Makwerero achitsulo nawonso ndi osayenera pamalo otere.

Nkhani ya mphenzi ndi imene imanyalanyazidwa kwambiri, mwina chifukwa chakuti ntchito yake imakwiririka pansi ndipo woyendera saiona. Mlongoti uyenera kulumikizidwa ndi waya wokhuthala wamkuwa wopita ku ndodo yokhomeredwa m'nthaka, ndipo wayayo akhale wamfupi ndi wosakhotakhota. Ndodoyo ilumikizidwenso ndi waya woteteza magetsi a nyumbayo wopita pansi. Pamene chingwe cha wailesi chikulowera m'nyumba paikidwe kachipangizo kotchinga magetsi obwera mwadzidzidzi. Popanda zimenezi, mphenzi ingakhale yogwa chapatali imatsatira chingwecho n'kuotcha makompyuta a mu ofesi. Dothi louma silipititsa bwino magetsi, choncho ndi bwino kuyeza ndodoyo m'chilimwe osati m'dzinja mokha.

M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mmisiri akamva bingu atsike msanga, ndipo asakwerenso mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekereni bingu lomaliza. Wokwera nsanja avale lamba womumangirira ku chitsulo ndi chisoti, ndipo pansi pakhale mnzake. Malata onyowa amaterera, ndipo akale amatha kubooka.

Mafunde a timawailesi ta 2.4GHz ndi 5GHz ndi ochepa mphamvu, komabe wailesi izimitsidwe munthu asanaime kutsogolo kwa mbale yake. Pa nsanja zimene palinso zipangizo zoulutsira mawu kapena za mafoni a m'manja, eni ake adziwitsidwe kaye kuti achepetse mphamvu.

Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito la 1997 limapereka udindo woteteza ogwira ntchito kwa owalemba, ndipo bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa potsatira lamulo la 1998, ndilo limavomereza zipangizo ndi mafunde ogwiritsidwa ntchito. Mkulu wa ofesi asanasaine kuti kontilakita alipidwe, aone yekha ndodo ya m'nthaka, mtunda wofika ku mawaya a magetsi, komanso chikalata chosonyeza zotsatira za kuyeza.